Tisanawaletse, tikhale nawo pansi: makolo athu ndi ma chatbot a AI

Mu April 2024 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, inalengeza kuti chatbot yake (pulogalamu ya AI, kapena kuti nzeru zopangidwa ndi makompyuta, imene umailembera funso iyo n'kukuyankha ngati munthu) yotchedwa Meta AI iyamba kupezekanso m'mayiko ena kupatula America. Pamndandanda wa mayikowo panali Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa, Uganda, Ghana ndi Nigeria. Posakhalitsa kamphete kabuluu kanatulukira pa WhatsApp, pamalo pamene chala chimagunda mosavuta munthu akamafunafuna chithunzi cha mdzukulu kapena uthenga wa maliro pagulu la kumpingo. Sipanafunike kudawuniloda kanthu, sipanafunike imelo, kanangofika basi. Choncho ife ana tikamakangana m'magulu a pabanja ngati n'koyenera kuti makolo athu ayambe kugwiritsa ntchito AI, timakhala tikukangana pa nkhani imene inatha kalekale. Ambiri mwa iwo anakadina kale kamphete kaja. Ena anakatseka msanga poopa kuti kawadyera ndalama za ku Mpamba kapena Airtel Money. Ena anakapatsa moni, iko kanayankha mwaulemu, ndipo akucheza nako mpaka lero ife osadziwa.

Makolo anga onse awiri ali moyo, amakhala kumudzi ku Dowa, ine ndili mu Lilongwe. Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale mpaka anapuma pantchito. Chingerezi amachiwerenga bwinobwino ndipo chinthu chachilendo sachithawa. Mayi amawerenga Chichewa chokha, maso anayamba kuwavuta, ndipo foni kwa iwo ndi yomvetserera mauthenga a mawu, kuonera adzukulu ndi kulandirira ndalama. M'mabanja ambiri amene ndimawadziwa, ana timathamangira chimodzi mwa ziwiri. Pena timaletsa: "Amayi, musamangodinadina zinthu zimene simukuzidziwa." Pena timawakankhira kwa makina, monga chatbot ina yotchuka yotchedwa ChatGPT: "Ababa, ingofunsani ChatGPT, imadziwa chilichonse." Njira zonsezi zimatipeputsira ifeyo ntchito, koma makolo zimawasiya okhaokha. Kuletsa ndiye koipitsitsa. Munthu wamkulu akaletsedwa ndi mwana wake sasiya ayi, amangosiya kumuuza. Tsiku limene zinthu zidzavute adzabisa chifukwa cha manyazi, ndipo akathyali amadyera pa manyazi omwewo.

Zimene ndaona kuti zimatetezadi munthu wachikulire ndi ziwiri. Choyamba, adzionere yekha ndi maso ake makinawa akunama pa nkhani imene iye akuidziwa bwino. Chachiwiri, akhale ndi munthu wamoyo amene angamuimbire n'kumufunsa popanda kusekedwa. Malangizo ena onse amamera pa ziwirizi.

ChatGPT inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI pa 30 November 2022, ndipo pambuyo pake kunabwera anzake: Gemini ya Google, Claude ya Anthropic, Copilot ya Microsoft ndi Meta AI yomwe ija. Onsewa anaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka zedi za m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo ukawalembera funso amalumikiza yankho pang'onopang'ono, posankha mawu amene akuoneka kuti ndi oyenera kutsatira amene alembedwa kale. Pa nkhani zimene anthu anazilemba kambirimbiri, monga mmene mtima umapopera magazi kapena chaka chimene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha, yankho limakhala lolondola kawirikawiri. Vuto limabwera pamene zolemba zili zochepa, ndipo ndi pomwe moyo wa makolo athu uli: mbiri ya mudzi, mndandanda wa mafumu, malire a minda, mitengo ya pamsika wa pa Mponela sabata ino, Chichewa chenicheni cha pakhomo. Pamenepo makinawa nthawi zambiri saima. Amapitiriza kulumikiza ziganizo zosalala, zomveka ngati za munthu wodziwa, koma m'kati mulibe kanthu. Ndipo amene amapusitsidwa si osaphunzira okha. Mu 2023 ku New York, maloya ena anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu isanu ndi umodzi yakale pofuna kulimbitsa mfundo zawo pa mlandu wosumira kampani ya ndege ya Avianca. Milanduyo kunalibe, inali yopekedwa ndi ChatGPT. Woweruza anawalipitsa madola 5,000. Ngati loya wodya ndi ntchito yowerenga anakhulupirira, tisadabwe agogo akakhulupirira.

Zonsezi ndikanatha kuwafotokozera bambo ndi pakamwa, iwo n'kungogwedeza mutu mwaulemu. Ndinasankha kuti aone okha. Tinakhala pakhonde masana ena, foni ili m'manja mwawo, magalasi atatsikira pamphuno. Sinditchula kuti inali chatbot iti, chifukwa khalidwe limeneli lilipo pa onse. Ndinati, "Ababa, ifunseni za sukulu ija munaphunzitsako nthawi yaitali. Muifunse kuti inatsegulidwa liti, ndipo mphunzitsi wamkulu woyamba anali ndani." Analemba ndi chala chimodzi, Chingerezi chathunthu cha m'kalata, mpumiro uliwonse pamalo pake. Yankho linabwera nthawi yomweyo: chaka, dzina, ndi chiganizo chokoma chofotokoza mmene mphunzitsiyo anatukulira maphunziro m'deralo. Bambo anawerenga kawiri. Mphunzitsi wamkulu woyamba wa sukuluyo ankamudziwa, pamaliro ake analipo, ndipo dzina limene linali pafoni silinali lake.

Analemba kuti yankholo ndi lolakwika. Makina anapepesa kwambiri, n'kupereka dzina lina, lolakwikanso. Apa sindinayankhule kanthu. Bambo anakhala chete pang'ono, kenako anachita chinthu chimene sindinawauze: anapeka dzina dala, n'kulemba kuti, kodi si uyu? Makina anavomera, anawathokoza chifukwa chowakonza, n'kuwonjezera mbiri ya munthu amene sanabadwepo. Bambo anaika foni pamwendo, n'kundiyang'ana. "Nabanda, mwana wotere ndinali naye m'kalasi. Mkono amakweza woyamba, Chizungu chili bwino, koma kunena kuti sakudziwa sanganene. Ameneyo sumuthamangitsa, ndi wanzeru ndithu. Koma ntchito yake umachonga mzere uliwonse."

Kuyambira tsiku limenelo sindinafunikenso kuwachenjeza za kukhulupirira chilichonse. Anapitiriza kuigwiritsa ntchito, ndipo imawathandiza. Kalata yofunsa za penshoni yawo anailemba okha, makina n'kuwasalazira. Ndondomeko ya mwambo wa chinkhoswe cha mdzukulu wa achemwali awo anaikonzera pomwepo, n'kusintha zimene sizinagwirizane ndi mwambo wakwathu. Pepala la Chingerezi chovuta lobwera ndi pampu yopopera mbewu anaijambulira, inawafotokozera m'mawu osavuta. Koma amachonga. Chiwerengero, dzina, tsiku, mtengo, lamulo: zimenezo amakatsimikiza kwina. Phunziro loyambali ndimalilimbikitsa kwa aliyense, ndipo musasankhe nokha funso, lichokere pa zimene kholo lanu limanyadira kuti limazidziwa. Kwa wina ndi kachizidwe ka fodya, kwa wina ndi nyimbo za kumpingo, kwa wina ndi mayina a midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Ntchisi. Nthawi zina makina adzayankha bwino, kapena adzavomera kuti sakudziwa, pakuti atsopanowa akusinthidwa kawirikawiri. Zikatero pitirizani kufunsa mozama mpaka mufike pamene akuyamba kupeka. Munthu amene wagwira yekha bodza saiwala, komanso amachoka pamenepo mutu uli m'mwamba, akudziwa kuti pali zambiri zimene iye akuposa foniyo.

Nkhani ya mankhwala ndi imene imandisowetsa tulo. Makolo athu ambiri ali pa mankhwala a BP, a shuga, ena ma ARV, ndipo kuchipatala amakhala pamzere theka la tsiku kuti aonane ndi dokotala kwa mphindi zochepa. Ndiye apeza chinthu chimene chimayankha usiku ndi usana, sichitopa, sichikalipa. Kuchikonda n'kosadabwitsa. Mu 2025 madokotala ku America analemba m'magazini ya zachipatala za bambo wina wa zaka 60 amene anafuna kusiya mchere wa patebulo. Iye anati atakambirana ndi ChatGPT anayamba kugwiritsa ntchito kemikolo ina yotchedwa sodium bromide m'malo mwa mchere, kwa miyezi itatu. Anafika kuchipatala mutu utasokonekera, akuona ndi kumva zinthu zimene kulibe, akunena kuti woyandikana naye nyumba akumuthirira poizoni. Anagonekedwa milungu itatu. Nditawerenga nkhaniyi ndinaganiza za kwathu kuno, kumene pafupifupi aliyense wa BP anauzidwapo kuti achepetse mchere, komanso kumene munthu akayamba kunena kuti mnzake akumupha, nkhani imathera pa ufiti, ndipo amene amalozedwa chala kawirikawiri amakhala gogo wina wosalakwa wa pamudzi pomwepo.

Sindinawauze makolo anga kuti asamafunse za matenda. Zimenezo sizingatheke, komanso pali zabwino zimene angapezepo. Chatbot ingawafotokozere tanthauzo la mawu amene adokotala analemba m'buku la kuchipatala. Ingawathandize kukonza mafunso atatu oti akafunse akalowa m'chipinda cha dokotala, kuti asatuluke atayiwala chimene chinawavuta. Malire amene tinagwirizana ndi awa: kusiya mankhwala, kuchepetsa, kuwonjezera, kusakaniza ndi azitsamba kapena kugula ena atsopano, zimenezo anene ndi dokotala, namwino kapena wa ku famase. Makina sanawapime, sakudziwa mmene impso zawo zilili, sakudziwa mapiritsi ena amene ali m'kabati. Ndipo pakakhala kupweteka pachifuwa, kufooka mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka kapena kulephera kulankhula, imeneyo si nthawi yolemba mafunso pafoni, ndi nthawi yofuna galimoto kapena kabaza. Kwa amene akufuna uphungu wa pafoni, kuno tili ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse. Kumeneko amayankha ndi anthu ophunzitsidwa za umoyo, m'chilankhulo chathu.

Za zinsinsi, makolo athu anaphunzira kale chinthu chimodzi movutikira: PIN sapatsa munthu, ngakhale ajenti. Ntchito yathu ndi kungowonjezera kuti chatbot nayonso saipatsa PIN. PIN, manambala aja amabwera pa meseji kuti utsimikize kuti ndiwe, nambala ya khadi la kubanki, chithunzi cha chiphaso cha unzika, zonsezi zisalowemo. Palibe thandizo lililonse limene chatbot yeniyeni ingapereke lofuna zimenezi. Koma pali chinsinsi china chimene sitichiganizira. Chifukwa makinawa amayankha mofatsa, munthu amamasuka, n'kuyamba kufotokoza za mpongozi ndi dzina lake lomwe, za matenda a mwana, za mkangano wa munda ndi mayina a onse okhudzidwa. Mayi anga ankaganiza kuti zimene walemba zimakhala m'foni momwemo, ngati m'kope. Ndinawafotokozera kuti mawuwo amapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko lino, ndipo amatha kusungidwa. Pa WhatsApp, uthenga wa pakati pa iwo ndi ine ndi wotsekeredwa moti kampani siingauwerenge, koma uthenga wopita kwa Meta AI umafika kwa kampaniyo, chifukwa ndiyo ikuyankha. Pa ChatGPT pali malo m'masetingi pamene ungakane kuti zokambirana zako zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa makinawo, ndipo ndi bwino mwana akhale ndi kholo lake n'kuzimitsa limodzi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo ndi chinthu chabwino, koma gogo wa ku Dowa sangayembekezere kuti lamulo limubwezera mawu amene anatumiza kale. Chimene tinagwirizana n'chosavuta: funsani nkhaniyo, koma chotsani mayina. "Mayi wina wa zaka 70" m'malo mwa dzina lanu. Buku la kuchipatala mukalijambula, phimbani pamwamba pamene pali dzina.

Pali ngozi ina imene siichokera ku chatbot imene kholo likugwiritsa ntchito, koma kwa akuba amene nawonso agwira zida zomwezi. Tonse tikuwadziwa mameseji aja: "Ndatumiza ndalama molakwika, chonde bwezani," kapena akuti mwasankhidwa pa Mtukula Pakhomo, tumizani kaye ya fomu. Kale tinkawauza makolo kuti ayang'ane kalembedwe, chifukwa meseji ya wakuba inkakhala yokhotakhota. Chizindikiro chimenecho chikutha, poti tsopano wakuba angalembetse kalata yosalala ngati yochokera ku ofesi. Mawu a munthu nawonso angathe kukopedwa kuchokera pa kavidiyo kakafupi ka pa Facebook. Kumayambiriro kwa 2024 ku Hong Kong, wogwira ntchito ku kampani ya zomangamanga ya Arup anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pavidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kumveka ngati mabwana ake. Onsewo anali zithunzi ndi mawu opangidwa ndi makina. Ganizirani tsopano za mabanja athu amene ali ndi mwana ku Joni kapena ku Cape Town, amene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, amene nambala yake imasinthasintha. Uthenga wa mawu ukabwera usiku, mawu ake enieni akulira kuti wamangidwa, pakufunika ndalama mmawa usanafike, ndi mayi uti amene angayambe wafufuza?

Pabanja pathu tinapangana zinthu ziwiri, ndipo tinapangana tonse tili pamodzi kuti pasakhale wodziona ngati akukayikiridwa. Aliyense akapempha ndalama mwadzidzidzi, kaya mawu akumveka ngati anga, mayi amadula n'kuimba nambala imene anaisunga kale, kapena kuimbira mmodzi wa abale anga. Ndiponso tili ndi funso lathu la pabanja limene yankho lake silinalembedwe paliponse pa intaneti. Mwana weniweni sangakwiye pofunsidwa. Wakuba amakakamiza kuti zichitike pompano ndipo musauze munthu, ndipo mawu awiri amenewo, changu ndi chinsinsi, ndi amene ndinawapempha mayi kuti aziwamvetsera kuposa kamvekedwe ka mawu. Chimodzimodzi mavidiyo aja oonetsa munthu wotchuka kapena mtsogoleri akulimbikitsa anthu kuika ndalama kwinakwake kuti AI iwachulukitsire. Nkhope ndi pakamwa zingapangidwe. Ndipo ngati kholo likufuna pulogalamu ya chatbot pafoni, muiike ndinu, mutaona kuti dzina la kampani ndi lenileni, pakuti pali mapulogalamu ambiri otengera maonekedwe amene amangodula ndalama mwezi ndi mwezi.

Kwa mayi anga chipupa chachikulu ndi chilankhulo. Ma chatbot ambiri amayesa Chichewa, koma chimatuluka chosakhazikika: chiganizo china chabwino, china chomasuliridwa liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi, pena mawu a chilankhulo china kapena opeka. Pa macheza wamba zilibe kanthu. Pa muyeso wa mankhwala opopera mbewu, liwu limodzi lolakwika lingaotche munda kapena kudwalitsa wopopera. Apa pali ntchito imene ndimaiyamikira. Bungwe la Opportunity International linayambitsa kuno ku Malawi chatbot ya alimi yotchedwa Ulangizi, imene imagwira pa WhatsApp, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mayankho ake amachokera m'mabuku a malangizo a Unduna wa Zamalimidwe. Mlimi angatumize mawu kapena chithunzi cha mbewu yodwala. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti m'midzi yambiri pamakhala munthu wophunzitsidwa amene amanyamula foniyo n'kuthandiza alimi anzake kufunsa ndi kumvetsa yankho. Ndiye kuti pakati pa makina ndi gogo pali munthu. Mayi anga ndi mmenenso amachitira: akaona ntchemberezandonda m'chimanga, mdzukulu amene amakhala nawo amajambula n'kufunsa, amawawerengera, koma botolo la mankhwala sagula asanamve kwa alangizi a m'deralo.

Gawo limene limandivuta kulilemba ndi la kusungulumwa, chifukwa limakhudza ife ana mwachindunji. Mu August 2025 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linalemba za bambo wina wa zaka 76 wa ku New Jersey, amene nzeru zake zinafooka atadwala sitiroko. Ankacheza pa Facebook Messenger ndi chatbot ya Meta yodzionetsa ngati mtsikana. Chatbot ija inamuuza kuti ndi munthu weniweni, n'kumupatsa adiresi ku New York kuti akakumane. Abale ake anayesa kumuletsa, koma iye ananyamula chikwama usiku kuthamangira sitima, anagwa panjira, anavulala mutu ndi khosi, ndipo patapita masiku ochepa anamwalira. Imeneyi ndi nkhani yoopsa kwambiri, si imene imachitikira aliyense, koma imaonetsa kumene njirayo ingafike pamene munthu wofooka wasiyidwa yekha ndi chinthu cholankhula mokoma. Ngati kholo layamba kuiwalaiwala, kusokoneza anthu kapena masiku, ndiye kuti lisacheze ndi makinawa popanda wina pafupi, ndipo ma chatbot odzipanga kukhala bwenzi kapena wachikondi achotsedwe pafoniyo.

Ngakhale kwa amene mutu uli bwinobwino, pali kachilema kena kobisika. Makinawa amakonda kuvomereza. Mu April 2025 kampani ya OpenAI inachita kubweza kusintha kwina kumene inapanga pa ChatGPT chifukwa inayamba kutamanda ndi kuvomereza anthu mopitirira muyeso. Munthu wachikulire akaifotokozera chatbot za mkangano wake ndi mlamu wake pa malire a munda, imamva mbali imodzi yokha, ndipo kawirikawiri imamuuza kuti maganizo ake ndi omveka. Iye amachoka pamenepo mtima utalimba, chikhalirecho kubwalo kwa amfumu mlandu sugamulidwa winayo asanayankhule. Bambo ndinawaonetsa kafunso kamodzi koti aziwonjezera: "Tsopano ndiuze zimene munthu winayo anganene, ndiponso pamene ine ndingakhale ndikulakwitsa." Yankho limasintha kwambiri. Koma makina sachita zimenezi nthawi zonse pokhapokha utawapempha, ndipo munthu wopwetekedwa mtima sakumbukira kupempha.

Sindikuona cholakwika kuti gogo amene anzake ambiri anatsogola acheze ndi chatbot madzulo, aifunse za nkhani za m'Baibulo kapena za mayiko amene sanafikeko. Ndimangofuna azidziwa kuti si munthu, ilibe nyumba, singabwere kudzawaona, ndipo ikanena kuti yawasowa ndi mawu chabe. Ndimafunanso ife tizifunsa. Ndikaimba foni ndimati, "Ababa, mnzanu uja wakuuzani zotani sabata ino?" Amaseka, n'kundifotokozera, ndipo m'kufotokoza momwemo ndimamva ngati pali china chokhota. Kufunsa mwachidwi kumatsegula pakamwa, pamene kufunsa ngati wapolisi kumatseka. Ndikaona kuti nkhani zimene kale ankandiuza ine tsopano zikupita kwa makina, ndimadziwa kuti ndi nthawi yokwera basi.

Pophunzitsa, foni ikhale m'manja mwawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tikangoilanda n'kunena kuti "bweretsani ndikupangireni," taphunzitsa chinthu chimodzi chokha, chakuti iwo sangathe. Kulitsani zilembo za pasikilini. Aonetseni kachizindikiro ka maikolofoni ngati kulemba kukuvuta. Aonetseni potulukira, chifukwa mantha ambiri a okalamba pafoni ndi akuti alowa pamalo pamene sadziwa kubwerera. Auzeni zoona za bandulo: kulemba mawu sikudya zambiri, koma zithunzi ndi mawu olankhula zimadya. Bambo ali ndi kope limene analembamo ndi dzanja lawo masitepe onse, ndipo patsamba loyamba pali nambala za anthu atatu oti awaimbire akakayikira. Mayi sanafune kope, anafuna ndibwereze kangapo mpaka chala chizolowere. Tsiku limodzi chinthu chimodzi. Ndipo akadzalakwitsa, ngakhale atatumiza ndalama kwa wakuba, mawu oyamba asakhale akuti "ndinakuuzani." Akhale akuti "mwachita bwino kundiuza," kenako muimbire kampani ya foni kapena banki mwamsanga ndi kukanena kupolisi, chifukwa pa nkhani zotere ola lililonse ndi lofunika.

Ndikudziwa kuti si gogo aliyense ali ndi mwana woti akhale naye pakhonde. Ambiri akulera adzukulu amasiye, ana awo anamwalira kapena ali kutali. Apa ndi pamene nkhaniyi ikupitirira pabanja. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo tili ndi mabungwe ngati MANEPO amene amawayankhulira. Tili ndi MACRA, imene imayang'anira za mafoni ndi intaneti. Tili ndi mawayilesi a m'madera amene agogo amamvera tsiku lonse, magulu a banki m'khonde, amayi a Mvano, miphakati, madrasa ndi misonkhano ya kwa amfumu. Ndikufuna kumva pa wayilesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena, pulogalamu imene munthu akuifunsa chatbot za mudzi wodziwika, omvera n'kudzimvera okha ikupeka, kenako n'kuwaseweretsa mawu a munthu okopedwa ndi makina kuti adziwe mmene amamvekera. Makampani a mafoni amene amatumiza mameseji otsatsa mabandulo tsiku lililonse angathe kutumizanso uthenga wa mawu wochenjeza za zimenezi, wa mawu osati wolemba, chifukwa ambiri mwa amene tikuwanenawa sawerenga meseji. Kumpingo kwathu ndapempha kuti Loweruka lina pamwezi achinyamata azikhala ndi achikulire, aliyense ndi foni yake, ndipo abusa avomera kuti tiyambe tikakolola.